Ndinkakoka chitenje kuti bambo ake asatuluke m'chipatala

Anzanga, nkhani iyi ndaisunga miyezi inayi. Kwa abusa ndikulephera kukaulula, ndiye ndati ndiyambe ndi inu.

Stelia ndinakumana naye polandirira odwala, pachipatala chomwe ndimagwira ntchito kuno ku Neno. Ntchito yanga ndi yonyamula odwala: kuwakankha pa chikuku, kuwatembenuza pabedi, kuwayendetsa pakhonde akayamba mafizo olimbitsa ziwalo.

Anabwera ndi bambo ake, a Lameck, kuchokera ku Luwani, sitiroko itawagwira mbali ya kumanja. Nditangoyamba kukankha chikuku anandithamangira, akuti ndichepetse sipidi, amenewo ndi bambo ake osati thumba la kachewere. Ndinaseka. Iye sanaseke, koma mawa lake anandisungira manachesi awiri.

Ine ndimakhala ndekha. Ndikaweruka ndi ine, wailesi ndi Baibulo basi. Ndiye mtsikana atayamba kundidikirira pa benchi ya magadiyani, kumandifunsa ngati ndadya, mtima unapita. Nthawi ya lanchi tinkaimba nyimbo za kutchalitchi, iye n'kumandinena kuti mawu anga ali ngati chitseko cha dzimbiri.

Sabata yachitatu ndinamuuza zakukhosi. Anati adzandiyankha bwinobwino bambo akachira, koma dzanja langa sanalisiye.

Bambo akachira... Pamenepo ndi pamene mantha anandilowa. Magadiyani ndimawadziwa ine. Amakuzolowera, kumakutcha achimwene, tsiku lotuluka amakubayibitsa ali pa njinga yamoto, nkhani yathera pompo. Foni Stelia analibe, ndipo ku Luwani si pafupi.

Poyendetsa wodwala timamumanga chitenje m'chiuno, ife n'kugwira kumbuyo. Mwendo ukamalimba umamasula dzanja pang'onopang'ono iye osadziwa, mpaka tsiku lina umangomuuza kuti bambo, mwayendatu nokha. A Kumbukani, a mafizo, ananena kuti a Lameck akadzafika okha kumapeto kwa khonde n'kubwerera, awatulutsa. Odwala ndi ambiri, a mafizo alipo okha, ndiye ankadalira lipoti langa.

A Lameck anali olimbikira. Lolemba lina ndinamva m'dzanja mwangamu kuti chitenje sichikulemeranso, munthu akuyenda yekha. M'malo mosiya, ndinakoka. Pang'ono chabe. Anapendekera, ine n'kuwawakha.

"Mukanagwatu bambo," ndinatero. "Mwendowu sunakhwime."

Stelia anaona ali patali, ndipo anabwera kudzandithokoza.

Mawa lake ndinachitanso. Mkuja wake chimodzimodzi. Kwa a Kumbukani ndinkati akuyenda mapazi asanu kenako mwendo ukugonja. Masabata awiri, anzanga. M'mawa ndinkagwada kupempha Ambuye andikhululukire, masana ndinkakoka.

Chimene sindinachiganizire ndi mantha a bambo aja. Anayamba kukana kuimirira ngati ine palibe. Anesi awagwire, ayi. Mwana wawo yemwe, ayi. Akuti amene amadziwa kuwagwira ndi ineyo Laimoni basi.

Loweruka lina ndili kutchalitchi, anandidikirira kuti ndidzawaperekeze kuchimbudzi, mpaka anadziwonongera pabedi, wodi yonse ikuona. Munthu woti kwawo ndi mkulu wa mpingo. Nditadutsirako masana ndinawapeza atayang'ana kukhoma. Atandimva anatembenuka n'kundigwira dzanja.

"Mwana wanga, usamapite kutali. Iwe anakutuma ndi Mulungu. Popanda iwe ine ndi mtembo."

Ndinapita kumpopi komwe Stelia ankachapa zofunda, ndipo ndinamuuza zonse. Ndinayamba ndi zoti ndimamukonda, ngati kuti zithandiza. Anamvetsera osasiya kufinya bulangeti. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Tsiku lija ndinakuthokoza kuti wawapulumutsa... unakoka ndiwe?"

Ndinavomera.

Sanatukwane, sanalire. Ananyamula beseni n'kupita kukayanika.

Kwa a Kumbukani ndinakaulula ndekha Lolemba. Anandichotsa ku wodi ya abambo, anandipatsa kalata ya chenjezo, nati ndiyamike kuti Stelia sanafune kupititsa nkhani patali. Manyaziwo ndinawalandira, anali anga.

Koma kuchotsa mantha amene ndinawadzala mwa bambo aja kunatenga masabata ena atatu. Mwendo unali bwino, mutu ndi umene unkakana. Chimanga chawo ku Luwani chinadyedwa ndi chiswe chili m'munda, wokolola palibe.

Stelia anakhaladi nthawi yaitali monga mmene ndinkafunira. Tsiku lililonse ndinkamuona akudutsa, ine ndikukankha wodwala wina, iye osandiyang'ana. Lanchi ndinkadyera kuseri kwa sitolo ya zikuku, ndekha.

Stelia sanawauze bambo ake chilichonse. Ankangodabwa kuti mnyamata wawo wasowa bwanji, iye n'kumati anandisintha wodi.

Tsiku lotuluka a Lameck anandifunafuna mpaka anandipeza, akuyenda ndi ndodo. Anandipempha kuti ndiwagwire mkono mpaka pageti, komaliza, kuti akandidalitse. Ndinatambasula dzanja.

"Musawagwire," anatero Stelia motsitsa mawu kuti bambo asamve. "Ayenda okha."

Ndinawatsatira pambuyo, manja nditapinda kumsana. Anayenda bwinobwino, osapunthwa ngakhale kamodzi.

Pageti anavula chipewa, anandisanjika dzanja lawo labwino lija pamutu, n'kupemphera mokweza kuti Mulungu andipatse mkazi wa mtima wabwino ngati wangawu.

Ndinali nditatsinzina, koma makutu anali kwa Stelia.

Sananene ameni.