Madala Olimbikira Khonde

Aneba athu, omwe kale anali mmisiri womanga nyumba, ali m'komiti ya kukhonsolo younika mapulani a zomangamanga. Pulani amaigwira chadodolido, magalasi ali pamphumi, koma funso lawo ndi limodzi lomwelo: "Nanga mvula ikagwa, munthu woyenda pansi ausa pati?"

Mwezi watha kunabwera bwana wina wofuna kumanga mashopu khumi opanda khonde. Akuti khonde limaitana malova. Anzawo m'komitimo anali atatulutsa kale zolembera kuti asaine.

"Akuluakulu, tikaone kaye malowo," anatero madalawo, uku akusisita bondo lawo lomwe limalosera mvula kuposa wailesi.

Onse atafika kumaloko, madalawo anayamba kuyeza ndi mapazi, pang'onopang'ono ngati bilimankhwe, akasokoneza n'kuyambiranso. Asanamalize kachitatu, chimvula chinakhuthuka. Bwana uja anaiwala ubwana, liwiro mpaka pakhonde la telala kutsidya kwa msewu.

Madala anafika pambuyo, madzi ali chuchuchu.

"Pepanitu bwana, mukusoketsa chiyani pano? Ngati palibe, sunthani. Musatichulutsire malova."

Pulani inabwezedwa tsiku lomwelo kuti akawonjezere khonde la mamita awiri.