Kausipa Kokana Kugawika

Ndikangomva fungo la usipa wouma pamsika, nambala 1,009 imandibwerera m'mutu.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, bambo anasunga kwathu ku Chowe banja la a Fernando, mphunzitsi wa masamu wothawa kwawo, munthu wosaseka. Tsiku lina bambo anabweretsa dengu la usipa kuchokera ku Nkopola kuti nyumba zitatu zigawane: ya mayi anga, ya mkazi wawo wachiwiri ndi ya alendowo. Akazi awiriwo sankakhulupirirana poyeza ndi mbale, choncho anandilamula kuwerenga kamodzikamodzi. Dzuwa linapendeka ndili pamphasa, ndipo ndinapeza 1,009.

A Fernando analembalemba padothi ndi chala, napukusa mutu. "Amayi, nambala iyi ndi youma manja. Sigawika pawiri, patatu, ngakhale pakhumi. Tikagawa patatu, katsala kamodzi."

"Kotsalako nkanga, wamkulu ndine!" anatero mayi.

"Mwayambatu!" anakuwa mnzawoyo, akumanga chitenje m'chiuno.

Ine ndinamva ngati pamuluwo pali kausipa kamodzi kaumbombo kamene kakuyambitsa ndewu. Ndinafufuza mpaka ndinapeza kena koyasamula, kondiyang'ana mwamwano. Ndinakatafuna kosaphika, mchenga ndi mutu womwe.

Mayi anandipotokola khutu. Koma a Fernando anafuula, "1,008! Imeneyi ndiye yopatsa! Igawika pawiri, patatu, panayi, ngakhale pasanu ndi pawiri!" Anaseka mpaka misozi, akazi awo akuwayang'ana kukamwa kuli yasa.

Khutu linapola mawa lake. Ndinadzamva nditakula kuti chiwotchedwere sukulu yawo, a Fernando anali asanasekepo.