Woweruza Amene Anamvera Wometa Tsitsi

Loweruka lililonse, mkulu wina wa imvi mbuu amafika kwa Lamar, wometa tsitsi ku Washington, n'kudikira pamzere ngati wina aliyense. Anali atakhala woweruza m'khoti lalikulu la dzikolo zaka makumi atatu, pampando umene munthu amachokapo akafuna yekha kapena akamwalira. Makasitomala akawasereula kuti, "Madala, inu ndiye palibe angakuchotseni ntchito," amayankha kuti, "N'zimene zimandiopsa."

Mwezi watha, akumetedwa, anafunsa kuti, "Mayi ali bwanji kunyumba?"

Lamar anazimitsa makina. Mkazi wake anamwalira chaka chatha, ndipo mkuluyo analipo pamaliro. Lamar anafuna kungoti ali bwino, koma analimba mtima.

"Bambo, tinakawaika m'manda limodzi. Aka n'kachitatu kundifunsa."

Mkuluyo anamugwira dzanja. "Kuntchito onse amangovomera zilizonse, palibe anandiuzapo kuti ndayamba kuiwalaiwala. Zikomo, mwanawe. Maliza kumeta, ndikaoneke bwino potsanzika."

Lachitatu lake anatula pansi udindo, milandu ya anthu isanaonongekere m'manja mwawo. Lamar atamva nkhaniyo pa wailesi, anapukuta misozi ndi thaulo la makasitomala.