Pakati pa Atate ndi Ambuya pa Sikuta

Chinali chitenje chobiriwira chokhala ndi zithunzi za nkhanga, chosuluka m'mbali chifukwa chochapachapa. Amayi ankachidutsitsa kumsana kwa ambuya, n'kuchikokera kutsogolo m'khwapa mwanga, n'kumanga mfundo pachifuwa panga. Anzanga pa msinkhu umenewo ankabereka ang'ono awo. Ine ndinkabereka ambuya, mayi wawo wa amayi anga, pa sikuta ya atate, kuchokera kwathu ku Zingalume mpaka ku kiliniki ya pa boma ku Chadiza. Mpaka lero ndikaona nkhanga pa nsalu ya munthu pamsika, ndimayang'ana kumbali.

Ndiyambe ndi sikutayo, poti ndi imene inaputa zonse. Atate anali mkamwini. Kwawo kunali ku Pembamoyo, ndipo m'mudzi wa amayi analibe chomwe akanaloza n'kunena kuti ichi n'changa. Munda unali wa ambuya, nyumba anamanga okha koma pa dothi la eni, ngakhale ife ana mwini wathu anali amalume. Chaka chimene mtedza unachita bwino, atate anakwera minibasi ya ku Chipata osauza munthu, n'kubwerako atakwera kanthu kofiira kolira ngati udzudzu waukulu. Anagula kwa kalaliki wina wopuma ntchito amene ankapitira ku ofesi pa msewu wa tala. Matayala ake anali ngati mbale zodyera.

Lero ine ndimanyamula anthu pa njinga yamoto pa boma, ndipo munthu akandifunsa kuti agule yotani, ndimamuuza kuti ayambe wayang'ana njira ya kwawo, kenako matayala, penti pomaliza. Atate anayambira pa penti. Koma sindiwaseka. M'mawa uliwonse ankaipukuta ndi kansalu konyowa, akuimba chapansipansi, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndinkawaona ataima ngati munthu wa pakhomo pake.

Ambuya anayamba kudwala m'mimba titangomaliza kukolola. Ku kachipatala kapafupi anawatumiza pa boma, pa boma anawabaya jekeseni n'kuwauza kuti azibwerabwera. Ulendo woyamba anapita pa ngolo ya amalume. Anabwerako atagwedezeka njira yonse, milomo itauma, n'kunena kuti ngolo sadzakweranso. Maso onse anatembenukira ku sikuta.

Apa m'pamene panali vuto. Kwathu mkamwini ndi mayi wa mkazi wake, apongozi, sayandikana. Akakumana panjira wina amapatukira m'tchire. Akafuna kulankhulana amayang'ana kumbali, mawu n'kudutsira mwa mwana kapena aliyense amene ali pafupi. Tsono mpando wa sikuta ndi umodzi, ndipo wokhala kumbuyo amagwira m'chiuno mwa woyendetsa. Ambuya atamva zimenezo anati kuli bwino afere pamphasa. Amalume anati aphunzira kuyendetsa kuti azinyamula okha mayi wawo. Anakwera, anapotokola chogwirira, n'kukalowa nayo pansi pa nkhokwe, galasi limodzi n'kusweka. Mkamwini sakalipira mwini mbumba, koma kuyambira tsikulo atate kiyi ankayenda naye m'thumba. Amayi akanakhala pakati, koma anali oyembekezera, miyezi itapita kale. Ndiye amalume, akudzisasa fumbi la pansi pa nkhokwe, anandiloza ine.

"Kamnyamataka n'kowonda. Kakwana pakati."

Palibe anandifunsa. Ine ndinali mu giredi seveni, mayeso akubwera kumapeto kwa chaka, ndipo ndinali ndi chinthu chimodzi chokha m'mutu: kukhoza ndi kupita ku sekondale ya pa boma. Masamu ndinkawatha. Aphunzitsi ankati akalemba funso pabolodi, asanatembenuke n'komwe, mkono wanga unali m'mwamba. Zimenezo kunyumba sizinalowe m'nkhani. Anangoyeza m'chiuno mwanga ndi maso n'kupeza kuti ndine khoma lokwanira.

Tinkanyamuka m'mawa, nthawi imene anzanga ankadutsa ndi mabuku m'mapepala a pulasitiki. Inali nyengo yozizira, mphepo yolowa m'makutu. Kutsogolo kwanga kunali msana wa atate, jekete lawo lonunkha petulo ndi utsi wa nkhuni. Kumbuyo kunali ambuya, olemera, otentha, mpweya wawo wa fodya wa m'mphuno ukundipuma m'khosi. Miyendo yanga inalibe poponda. Ulendo wina ndinagunda chitsulo chotentha cha utsi, ndipo chipsera chake ndikadali nacho.

Koma chimene chinkandiwawa kuposa chitsulo chinali ntchito ya pakamwa. Mitu yawo inkatalikirana pang'ono chabe, mutu wanga wokha pakati, koma zonse zinkadutsira mwa ine.

"Uwauze ambuya ako agwiritse, pali dzenje."

"Ambuya, akuti mugwiritse."

"Uwauze atate ako kuti dzenjelo talilowa kale."

"Atate, akuti..."

"Ndamva. Uwauze kuti pepani."

Njira yonse choncho. Ndikachedwa kubwereza, ambuya ankanditsina m'nthiti. Ndikafupikitsa mawu, atate ankati, "Si momwe ndanenera." Anthu awiri akuluakulu, makutu awo abwinobwino, kundisandutsa foni.

Panali malo amodzi amene ndinkadana nawo kwambiri, kamtsinje kouma ka mchenga, ndipo kutsidya kwake kachitunda. Timatayala tija tikangofika pamenepo tinkamira, injini n'kuyamba kulira ngati mbuzi yomangidwa. Ine ndi ambuya sitikanatsika, tinali omangidwa pamodzi. Atate ndiwo ankatsika n'kumakankha atagwira zogwirira, nsapato zikuterereka, thukuta likudontha ngakhale kukuzizira, maso awo ali kumbali kuti asayang'anizane ndi apongozi. Pamwamba pa chitunda ankaima kaye, kupuma ngati ng'ombe yochoka pa goli.

Ku kiliniki tinkakhala pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Pobwerera, atate sakanakhudza ambuya, ndiye ine ndinkapempha mayi aliyense wa pamzerepo kuti atimange. Ena ankaseka. Wina anandifunsa ngati mwana wangayu wayamba kumera mano.

Kusukulu nkhani inafika msanga. Ndikapezeka m'kalasi, anyamata a kumbuyo ankanong'ona, "Amake ambuya abwera. Mwana wagona?" Mmodzi ndinamuswa mlomo pa nthawi yopuma, ndipo ngakhale lero sindinganene kuti ndinalakwa. Aphunzitsi sanandimenye. Anandiitana pambali n'kunena kuti, "Mpando wako ukudyedwa ndi chiswe. Mutu uli nawo, koma mutu sulemba mayeso uli panjira." Anabweranso kunyumba tsiku lina Loweruka, atakwera njinga yawo yakapalasa. Amalume anawalandira bwino, anawapatsa mpando, anavomera chilichonse. "Zoona aphunzitsi, zoona. Angochira amayiwa." Aphunzitsi atangokhota pa mtengo wa mango, amalume anandiuza kuti ndikamwetse ng'ombe.

Tsiku lina ndinakana. Linali tsiku la kiliniki, koma ndinadzuka msanga, ndinatenga mabuku, n'kudutsa kuseri kwa khola. M'kalasi ndinapeza ali pa mutu umene sindinaumvepo. Ndinakhala tsiku lonse mkono uli pansi, ndikuyang'ana manambala pabolodi ngati alendo. Pobwera kunyumba ndinali nditakonzeka kukwapulidwa. Ndinapeza ambuya atakhala pamphasa, atavala zovala zawo za paulendo, chitenje cha nkhanga chopindidwa bwino chili pamiyendo. Kuseri kwa nyumba atate anali atanjuta pafupi ndi sikuta, jekete lili m'thupi. Anali atadikira choncho kuyambira m'mawa, wina uku wina uko, petulo ali m'thanki, njira ili apo.

Palibe anandikwapula. Bwenzi zili bwino akanatero. Ndinaponya mabuku pansi n'kukuwa kuti mudzi wonse umve, kuti anthu awiriwa amamvana, kuti ine si khoma, kuti ngati akufuna chotchinga aikepo thumba la chimanga. Amayi anatola mabukuwo, n'kuwasasa fumbi. "Thumba silingawagwire akamagwa," anatero. Amalume anati, "Ukakula udzamvetsa."

Ndakula. Mwezi watha bambo wina anabwera pamalo athu oimikapo njinga n'kupempha njinga ziwiri, ina yake ina ya apongozi ake, ulendo umodzi womwewo. Anzanga anakondwa kuti ntchito yachuluka. Ine ndinamva pachifuwa pakuthina, pamalo pomwe pankakhala mfundo paja. Ulemu sindikana, nanenso ndimavulira akulu chipewa. Koma ulemu umene unasungidwa chaka chimenecho, amene anaulipira ndine, ndipo palibe anabwera kudzandiuza kuti zikomo.

Za sukulu ndinene pano kuti ndithane nazo. Mayeso ndinalemba. Mafunso ambiri ndinkawaona koyamba. Sindinakhoze. Aphunzitsi anandichonderera kuti ndibwereze kalasi, koma kubwereza kunali kukhala pamodzi ndi ang'ono awo a anyamata aja, amene anali ataliphunzira kale dzina lija. Ndinapita sabata yoyamba yokha, wina anatchula, ndinamugwetsa pansi, ndinatuluka pachipata ndipo sindinabwererenso. Sekondale ija ndimaidutsa tsiku lililonse nditanyamula ana a anthu ena.

Koma ndibwerere ku nyengo ija. Kutayamba kutentha, masuku akupsa m'tchire, ndinaona kuti sikuta yayamba kuyenda bwino. Pa mchenga paja inkangogwedezeka pang'ono n'kudutsa. Tsiku lina inakwera chitunda chonse atate osatsika. Ndinawamenya pamsana ndi chisangalalo, ndinati injini yazolowera njira. Atate anangopitiriza kuyendetsa, maso ali panjira. Ndinayamba kuwerengera mumtima kuti tikamafulumira chonchi, mwina ndizipeza maphunziro a masana. Ambuya nawonso anali atasiya kunditsina. Ankangotsamira mutu paphewa langa, ndipo mauthenga awo anachepa. Ndinaganiza kuti atopa nako kulamula, ndipo ndinakondwa.

Ulendo womaliza, anesi atawaona ambuya, anaitanira atate pakhonde. Ndinkawaonera patali. Anesi ankalankhula motsitsa, atate anavula chipewa n'kumachipinda m'manja. Kenako anabwera pomwe tinakhala, anaima chotipatsa msana monga mwa nthawi zonse, anakhosomola.

"Uwauze ambuya ako kuti anesi ati asavutikenso kubwera kuno. Azipumula kunyumba."

Ine ndinalumpha. Ndinabwereza mawuwo mokweza, mano onse pamtunda, mpaka amayi a pamzere anatembenuka. "Ambuya, akuti basi, kwatha. Simudzabweranso." M'mutu mwanga munali mpando wanga wa m'kalasi. Ndinadikira kuti andipatse yankho loti ndipereke.

Ambuya sanandiyang'ane. Anayang'ana msana wa atate nthawi yaitali.

"Ndamva, apongozi," anatero. "Mwandinyamula mokwanira. Tiyeni kwathu."

Atate anatembenuka. Kanali koyamba kuwaona akuyang'ana ambuya kumaso.

"Tiyeni, amayi."

Magazi anandiwira. Nyengo yonse yozizira, nyengo yonse yotentha, chipsera pamwendo, dzina lachipongwe, masamu onse amene anandidutsa, kani pakamwa anali napo? Mayi wina anatimanga chitenje osaseka ngati ena aja, ndipo ine ndinakwera nditakwinya nkhope. Panjira manja a ambuya anadutsa m'mbali mwanga n'kukagwira jekete la atate. Atate anayendetsa pang'onopang'ono kuposa masiku onse, akuzemba kadzenje kalikonse, akutchula okha mayina a midzi imene tinkadutsa, ambuya n'kumavomera. Ine ndinali pakati, wopanda ntchito, ndikulira ndi ukali. Ndinalumbira mumtima kuti sindidzawalankhulanso onse awiri.

Ambuya sanaione mvula ya chaka chimenecho. Koma tsiku limenelo ine ndinkadziwa chimodzi chokha, kuti mawa ndikupita kusukulu ndipo akuluakulu andipusitsa. Titafika pakhomo amayi anatuluka, dzanja lili m'chiuno, anayang'ana atate, atate anayang'ana pansi. Amayi anabwera kudzamasula mfundo. Masiku oyamba aja nsonga za chitenje zinkavuta kukumana, amayi ankachita kukoka ndi mphamvu kuti amange. Tsopano zinkalendewera mpaka pamiyendo panga. Amayi anazigwira m'manja, osamasula, misozi ikugwera pa nkhanga zija.

Ine ndinatopa kudikira. "Masulani msanga," ndinatero. "Ndipo chitenje chanuchi chatalika. Mwachikoka kwambiri."