Mabatani a M'bokosi

Ndiulule uchitsiru wanga: ndinkakhulupirira kuti zolembedwa pakompyuta sizinama. Mwana wanga Esinati, amene amakonza zolakwika m'malangizo a opanga mawebusayiti, ankangondiseka.

Ndiye tamvani maloto. Ndili m'bokosi la maliro, chivundikiro chake ndi galasi la foni, pali mabatani awiri. Malangizo akuti lotsegulira ndi lakumanzere. Ndikudina, misomali ikungolowa. Esinati wakhala pamwamba, akulemba.

"Adadi, tinalakwitsa, ndi lakumanja. Koma musadine, abwana sanavomereze kusinthaku."

Adzukulu ayamba kukwirira. Batani lakumanja likuthawa chala changa ngati nsikidzi.

Ndadzidzimuka, ndawafotokozera mayi akunyumba. Iwo osatembenuka n'komwe akuti, "Bambo a Esinati, kamweni mankhwala mwadumpha aja. Bokosi lenileni lilibe batani."