Phulusa la Pamafuwa

Linali Lachitatu la Phulusa, chaka cha 1943, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ndinali nditangobwera ku Misa pa njinga n'kutsegula kasitolo kanga ka ku Madzimoyo pamene mlendo wina analowa.

Masiku amenewo nsalu inasowa chifukwa cha nkhondo. Amwenye a ku Fort Jameson, kumene ndinkaoda katundu, ankandigulitsa bafuta monyinyirika, pang'onopang'ono ngati mankhwala. Tsono ine ndinali ndi lonjezo. Nditachoka ku seminale osafika pa unsembe, ndinauza Mulungu kuti aliyense wa kwathu wobatizidwa pa Pasaka ndizimupatsa ulere bafuta wa chovala choyera. Zaka zabwino lonjezolo silinkapweteka. Chaka chimenecho ndinatsala ndi mikwamba isanu ndi umodzi pansi pa thebulo, ndipo oyembekeza ubatizo anali atatu, aliyense iwiri. Mbiri ya bafuta waulere inali itafika kutali. Kawiri konse ndinaona nsalu yanga itasanduka malaya a munthu amene sanapondepo m'tchalitchi.

Mlendoyo anali bambo wachikulire, wa mapazi ong'aluka. Pamphumi pake panali phulusa.

"Ndachokera ku Chiparamba, a sitolo," anatero. "Mayi a kunyumba akubatizidwa. Akuti inu mumathandiza."

Sindinayang'ane pakamwa pake, ndinayang'ana pamphumi. Phulusa la kutchalitchi amawotcha kanjedza wa chaka chatha, limakhala lakuda, ndipo wansembe amalemba mtanda. Lake linali lotuwa, la nkhuni za pamafuwa, lopakidwa ngati mankhwala a mutu.

"Munali ku Misa, bambo?"

"Ndinali kumbuyo kwenikweni."

"Inenso ndinali kumbuyo. Wansembe anati chiyani pokuikani phulusa?"

"Aa, anayankhula chizungu chawo chija. Kapena inu munamva?"

Pamenepo anandipambana, chifukwa mawuwo ankanenedwa m'Chilatini.

"Bafuta kulibe," ndinatero. Bondo langa linali litagunda mpukutuwo pansi pa thebulo.

Anaima kanthawi, akuyang'ana sopo ndi mchere ngati akufuna kugula. Kenako anati, "Zikomo, a sitolo," natuluka. Ndinamutsatira ndi maso mpaka pamsewu, kuti ndione ngati pali mnzake womudikira. Panalibe.

Mkazi wanga anamva zonse ali kuseri, akupeta mtedza.

"Bambo a mwana, Mulungu anachita bwino kukuchotsani ku seminale," anatero. "Anthu akadamaopa kulapa kwa inu."

"Phulusa lija n'labodza."

"Nanga 'kulibe' wanuyo ngwoona?"

Ndinayamba kupukuta thebulo mwaukali. Tsiku losala kudya munthu sachedwa kupsa mtima.

Masana kunabwera aphunzitsi a katekisimu, amene ankayendera midzi ya ku Chiparamba, kudzagula palafini. Ndinawasimbira nkhaniyo ndikuseka, kuti aone kuchenjera kwanga. Iwo sanaseke.

"Phulusalo n'labodza ndithu," anatero. "Mkuluyo si wathu, ndipo sanabwere ku Misa. Koma mkazi wake wakhala akuphunzira kwa ine chaka chathunthu. Chifuwa chamutha. Pasaka sadzamuona. Dzulo ndamubatiza ndekha ubatizo wa pangozi, ali pamphasa. Titatha anandifunsa kuti, 'Aphunzitsi, nanga choyera changa chili kuti?'"

"Bwanji mwamunayo sananene choncho?"

"Mumadziwika, achimwene. Anthu amati pa sitolo yanu wachikunja amagula, Mkhristu amapatsidwa. Anaona anthu akubwerera ndi phulusa, nayenso anakatapa lake."

Ndinawayeza palafini. Ndinakumbukira kuti aphunzitsiwo anakwatira ku Chiparamba komweko, ndipo ndinadzifunsa ngati mkuluyo sanali mlamu wawo. Anafikiranji tsiku lomwelo, botolo lawo lili ndi palafini pakati? Munthu wa sitolo amaphunzira kuti nkhani yomvetsa chisoni kwambiri ndi imene imadula kwambiri. Ndinadziwanso kuti bafuta wopita kwa wodwala wotere sabwerako, amakhala nsanda yake. Ndikanadula mikwamba iwiri, mmodzi wa atatu aja akanasowa chovala pa Pasaka, pokhapokha nditabwerera kwa Amwenye kukagula pa mtengo wa nkhondo, ndi phindu la mchere la mwezi wonse.

"Ndipatseni ndikapereke ine," anatero aphunzitsi.

"Ndiganize kaye."

Madzulo posamba ndinaona nkhope yanga m'beseni. Mtanda wanga unali wakuda bwino, wolembedwa ndi wansembe weniweni. Ndinali nditauvala tsiku lonse, ngakhale pamene ndinkanena kuti bafuta kulibe.

M'mawa mwake sindinatsegule sitolo. Ndinayeza mikwamba iwiri, ndinayezanso kachiwiri, ndinadula. Sindinatume munthu. Ndinamanga nsaluyo pa kaliyala n'kupalasa ndekha mpaka ku Chiparamba, kuti ndikaone ndi maso anga ngati wodwalayo analipodi.

Analipo. Mwamuna wake anali pakhomo, pamphumi atasamba. Sitinatchule za dzulo. Ndinawerama n'kulowa m'nyumba, ndinatambasula bafutayo, n'kumufunditsa mayiyo akadali moyo.