Dzungu la Kuseri kwa Kanyumba ka Mlonda

Sitima yomaliza kudutsa m'dera lathu muno mumzinda wa Gwangju ndinaiimitsa ndine, ndi dzanja limodzi, linalo litagwira mbale ya mpunga. Chabwino, limenelo ndi bodza. Tsikulo ndinali chigonere ndi dzino, ndipo amene anakweza mbendera anali malemu Bambo Bang, mlonda wa pamphambano ya njanji ndi msewu, mwamuna wa Mayi Pyo. Koma za dzunguzi, inu ana a mlongo wanga, ndi zoona, kupatula apo ndi apo.

Mayi Pyo anakwatiwira m'mbali mwa njanji ali ndi zaka makumi awiri. Nyumba yawo inayandikana ndi njanji moti woyendetsa sitima ankapisa dzanja pawindo, kulawa ndiwo, n'kudandaula za mchere. Anabwera ndi nthanga za maungu akwawo zitamangidwa m'kansalu, nazidzala kuseri kwa kanyumba ka mlonda. Chaka chilichonse ankasiya dzungu limodzi kuti likhwime, likhale la mbewu.

Kenako njanji anaizula, n'kukonza njira yoti anthu aziwongoleramo miyendo: mitengo, mabenchi, maluwa, agalu ovala majuzi. Kanyumba kaja anakapaka penti kuti achinyamata azijambulitsirapo. Zikwangwani zinati kulima n'koletsedwa. Mayi Pyo anawerenga bwinobwino, n'kudzalabe, pakampata ka pakati pa kanyumba ndi mpanda.

Chaka chino mbewa zinawadyera nthanga zonse kusiya zitatu, ndipo pa zitatuzo inamera imodzi. Itayamba kubala, timaungu tanthete tinayamba kusowa. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Linatsala limodzi, lomwe analilemba kamtanda ndi singano likadali laling'ono, monga ankachitira amuna awo. Likanapita limenelo, mbewu ya zaka makumi asanu ndi zisanu ikanathera pomwepo.

Kuyambira pamenepo anakhazikika pabenchi yoyang'anizana ndi kanyumbako, chipewa chofika m'maso. Kudandaula poyera sakanatha, poti mundawo unali woletsedwa, ndiye ankangokayikira aliyense chamumtima, n'kumandiuza ine, mnansi wawo amene ndimawatcha achemwali mwaulemu chabe.

“Deokchil, ukumuona uyo?” Ankanena mkulu wina amene amayenda chafutambuyo m'mawa uliwonse akuomba m'manja.

“Akuti zimathandiza msana, achemwali.”

“Msana wa chiyani. Akufuna mapazi ake aziloza kwina.”

Mtsikana woyendetsa galu m'ngolo ya mwana anamuimitsa kawiri, ati kusirira galuyo, maso ali pansi pa bulangete. Wothamanga aliyense womanga chingwe cha nsapato pafupi ndi mpanda anali mbala. Koma wamkulu wa okayikiridwa anali Bambo Yeom, wosamalira njirayo, chifukwa ankawapatsa moni mwaulemu kwambiri.

“Munthu wosalakwa sawerama chotere,” anatero.

Ine ndinkathandiza mmene ndingathere. Ndinawauza za nguluwe ya kuphiri la Mudeung imene imatsika pabasi yoyamba, n'kukhala pampando wa okalamba.

“Iwe nanga, m'mawa umakhala kuti?”

“Ine? Achemwali, dzungu ndinalisiya ndili ku usilikali. Ndikangonunkhiza, khosi limatupa ngati la chule. Madokotala atatu anabwera kudzandijambula.”

Sanaseke.

Tsopano pano mumve bwino, chifukwa anthu aipotoza kale nkhaniyi. Lachisanu lina ndinamva Bambo Yeom akuuza anzawo kuti Lolemba atchetcha udzu wonse, ndi kuseri kwa kanyumba komwe. Lamlungu mamawa, Mayi Pyo ali kutchalitchi, ndinapita kukalipulumutsa dzungulo. Linali litafiira, lalikulu ngati tayala la basi, ndipo ndinalinyamula ndi mtima woyera kuti ndikawapatse. Koma kwawo n'kokwera, kwanga n'kotsika. Ndinati lipume kaye m'khitchini. Mmene mpeni unafikira pamenepo sindikukumbuka. Phala lake linali lotsekemera moti supuni ndinatsala pang'ono kuimeza. Za timaungu titatu tija musandifunse, nkhani ino si ya timeneto.

Nthanga ndinazitsuka n'kuziyanika panyuzipepala padenga. Cholinga changa chinali chabwino, ngakhale ndivomere kuti chiwaya ndi mchere zinali pafupi.

Lolemba Mayi Pyo sanakhale pabenchi. Lachiwirinso ayi. Ndinawaona ataima pakhomo pawo atagwira kansalu kaja kopanda kanthu. Ndinaganiza zopita kukaulula. Ndinavala nsapato imodzi, n'kuivulanso.

Lachitatu ndi tsiku lotulutsa ndowa za zotsala za chakudya, nyumba iliyonse yake pachipata. Ndili padenga kutembenuza nthanga, ndinaona chipewa chija chikuyenda mumsewu wathu, chipata ndi chipata, mwini wake akuvundukula ndowa iliyonse n'kutakasa ndi chopanira makala. Anayambira kwa mkulu wa chafutambuyo. Ndisanapeze pobisa nyuzipepala, ndinamva masitepe akulira.

“Wadzuka bwanji, Deokchil. Khosi lili bwanji?”

“Likuyesera, achemwali. Mwabwera bwino, ndimafuna ndikuuzeni. Nguluwe ija ndaionanso, ili ndi chikwama.”

“Izo n'chiyani?”

“Izi? Nthanga. Za dzungu la kumsika. Ndinagulira mlongo wanga, ine ndinangolisenda nditamanga thaulo kumphuno.”

“Msika uti?”

“Wa Yangdong. Kwa mayi wina wamtali, wa diso limodzi, dzina lake landithawa.”

Anagwada pang'onopang'ono, maondo akulira, natola nthanga imodzi. Anaikanikiza ndi chikhadabo, naiyang'ana padzuwa.

“Sunazikazinge?”

“Ayi.”

“Ngakhale kuziwaza mchere?”

“Sindinafike pamenepo.”

Anatulutsa kansalu kaja, nakokoleramo zonse, osasiya ndi imodzi yomwe, namanga mfundo ziwiri, nakalowetsa mkati mwa bulauzi. Ndinaona mapewa awo akutsika. Ndinayesa zatha.

“Ndiye mwatenga nthanga za kumsika, achemwali,” ndinatero, poti pakamwa panga sipadziwa poimira.

Anapisa m'thumba la epuloni natulutsa khoko la dzungu, lonyowa, mpunga wa m'ndowa yanga utamatirira. Analipukuta ndi chala n'kuliika m'dzanja langa. Kamtanda kaja kanali katakula limodzi ndi dzungulo, koyera, kotalika ngati chala.

“Mayi wako wa diso limodziyo,” anatero, “ukamufunse ngati nayenso anakwatiwa ndi Bambo Bang.”